Mbiri ya moyo wanga: tsiku lomwe sitima inaima ku Zanzibar

Zikomo nonse amene mwakhala mukundilembera kuti ndipitirize, makamaka amayi aja amene anati amadikira nkhanizi Lamlungu lililonse, Mulungu akudalitseni. Paja tinalekezera pomwe anandichotsa kochapa zovala m'sitima ya alendo yomwe ndinkagwiramo ntchito n'kundiika m'gulu loperekeza alendo akamatsika kukaona malo. Miyezi ya pakatipa palibe chokamba, inali ntchito ndi tulo basi.

Ku Zanzibar tinafika kukungocha kumene. Sitima yathu sinakocheze padoko, inaponya nangula chapatali ndithu ndiye alendo timawaolotsa pa timaboti tija timapachikidwa m'mbali mwa sitima. Ine anandipatsa chikwangwani cha nambala ya gulu ndi pepala la mayina, ntchito yanga kuwerenga anthu kuti wina asasowe, wofotokoza mbiri anali bambo wachikulire wa konko. Ndikunena izi chifukwa cha m'bale wanga uja, mukumudziwa kale, amene mpaka lero amauza anthu kuti ine ndinkangozungulira dziko ulele pomwe amayi akudwala. Achimwene, munthu ukanyamula chikwangwani suona tauni, umaona misana ya alendo, ndipo ndalama za mankhwala a amayi zinkachokera pa chikwangwani chomwecho.

Komabe Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, ndi yokongola, zimenezo sindingabise. Tinjira take ndi topanikizika moti galimoto singadutse, umangomva belu la njinga kumbuyo n'kudziphatika kukhoma. Zitseko zamatabwa zosemedwa bwino, zina zili ndi zitsulo zamkuwa zosongoka, ndipo ponseponse fungo la ma clove. Bambo aja anatisonyeza Beit al-Ajaib, nyumba imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo, n'kutiuzanso za nkhondo ya mu 1896 pomwe sitima za Angerezi zinaphulitsa nyumba yachifumu ndipo nkhondo yonse sinakwane ndi ola lomwe. Alendo anaseka, anajambula, tinapitirira.

Kenako tinafika pa tchalitchi cha Anglican, Christ Church. Pamenepo ndi pomwe panali msika wa akapolo mpaka unatsekedwa mu 1873, ndipo tchalitchicho anayamba kuchimanga chaka chomwecho. Bishopu Edward Steere amene anatsogolera ntchitoyo anaikidwa kuseri kwa guwa. Muli kamtanda kakang'ono kosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamsikawo ankachokera kumtunda, madera ozungulira nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, kuyenda pansi mpaka kugombe, ena kudzera ku Kilwa ena ku Bagamoyo.

Pafupi pomwepo pali tizipinda ta pansi pa nyumba. Denga lake ndi lalifupi, umalowa utawerama, mpweya umalowera pa timipata ting'onoting'ono ta pakhoma, ndipo bambo aja anati ndimo ankatsekeramo anthu podikira tsiku la msika. Ine thukuta linali kamukamu, miyendo inayamba kunjenjemera koma sindikanatha kutuluka chifukwa woperekeza amatuluka pomaliza. Ndinaima pakhomo n'kumawerenga alendo mmodzimmodzi akutuluka, pakamwa pakuwerenga koma mtima uli kwina.

Panja pali dzenje, m'menemo muli ziboliboli zisanu za anthu atamangidwa unyolo m'khosi. Ndili chiimire pamenepo mlendo wina, bambo wamkulu ndithu wa imvi zake, anandikodola. Ndimaganiza kuti akufuna ndimujambule monga amachitira onse. Ayi. Amafuna ine ndiime m'mphepete mwa dzenjelo pafupi ndi ziboliboli zija kuti andijambule, akuti chithunzi chioneka bwino kwambiri. Amalankhula akumwetulira, mokoma mtima, osaona cholakwika chilichonse, ndipo chimenecho ndi chomwe chimandiwawa mpaka pano. Akanakhala kuti wanditukwana bwenzi nditaiwala kalekale. Malilime anandiuma, ndinangogwiritsitsa chikwangwani chija ndi manja onse awiri, baji ya dzina langa ili pachifuwa, ndikudziwa kuti dandaulo limodzi la mlendo litha kuthetsa kontrakiti.

Ena mudzandifunsa kuti bwanji sunamuyankhe. Ndinali ndi amayi m'chipatala ndi mwana kusukulu, ndipo sindichita nazo manyazi kuti ndinakhala chete. Amene anandiombola ndi bambo ofotokoza mbiri aja. Anabwera n'kuima pakati pa ine ndi kamera ija, n'kuuza gulu lonse mwaulemu kuti pano si pojambulitsa munthu wamoyo, tiyeni nthawi yatha. Sanandiyang'ane n'komwe kuti ndisachite manyazi pamaso pa anthu.

Zotsalazo ndinangoziyenda. Tinadutsa ku linga lakale la Old Fort ndi ku paki ya m'mbali mwa nyanja ya Forodhani, alendo anagula zogulagula, ndinawerenga anthu anga n'kupeza akwana, tinakwera boti lomaliza nthawi yobwerera isanakwane.

Usiku umenewo ndinamufotokozera mnzanga wa m'kabini uja wa ku Philippines, iye ndi amene anandilimbitsa mtima kuti ndikauze bwana wathu kuti sitima ikadzabweranso kuno asadzandiikenso paulendo umenewu. M'mawa mwake ndinapitadi ku ofesi. Zomwe anandiyankha, ndi momwe zinandifikitsira kugawo la malo odyera, ndidzakamba ulendo wamawa.