Ng'oma zopanda mbalule

Lachinayi, sabata yomaliza ya Okutobala, pa Kasungu

Ndinadzuka thukuta lili kamukamu, nyenje zitayamba kale kulira dzuwa lisanatuluke n'komwe. Magetsi anazima usiku ndipo kunacha asanayake. Kwa ena limeneli ndi tsoka, kwa ine ndi msika, chifukwa aliyense amabwera ndi foni yakufa kudzatchaja pa sola yanga. Pomwe ndimafika pa shopu cha m'ma 7 koloko, anyamata awiri a kabaza anali atakhala kale pakhonde, matchaja ali m'manja.

Kwa amene simukundidziwa: ndimatchaja mafoni, ndimamata magalasi osweka, komanso ndimabena nyimbo m'mamemori khadi. Ntchito yobenayi ndiyo yandionetsa mmene anthu amamvera nyimbo. Munthu amaima pawindo, ndamuyikira nyimbo, asanameze malovu kawiri wagamula kale. "Imeneyo ikani." "Ayi, pitani ina." Nyimbo ikachedwa kulowa, yalephera mayeso. Sindikuwanena, ndalama ndi yawo ndipo khadi ndi yawo. Kungoti zimene ine ndimamvera ndikatsala ndekha ndi nyimbo zoti mphindi zitatu zimatha woyimba asanatsegule pakamwa, ndipo zina satsegula n'komwe mpaka kumapeto.

Eni ake amazitchula post-metal. Magitala ake ndi olemera, okhuthala ngati phala la mgaiwa, koma sathamanga. Nyimbo imayamba ndi kachingwe kamodzi kakulira chapansipansi, kamabwereza, kamabwerezanso, ng'oma n'kulowa, besi n'kulowa, mpaka umangozindikira kuti phokoso lakuzinga mbali zonse osadziwa kuti linafika nthawi yanji. Ndinazipeza mwangozi. Ndinagula laputopu ya kaunjika ku Lilongwe zaka zingapo zapitazo, ndipo mwini wake woyamba, yemwe sindidzamudziwa mpaka kalekale, anasiyamo zimbale zambirimbiri. Ndimafuna kufufuta zonse kuti ndipeze malo oyika nyimbo zamalonda. Ulesi ndiwo unandipulumutsa.

M'mawa uno ndinayamba ndi Oceanic, chimbale cha gulu la Isis cha mu 2002. Kukatentha chonchi ndi chimenechi chimene ndimachifuna. Chonse n'chonena za madzi, za munthu amene zinthu zamuthina mpaka akadziponya m'nyanja, ndipo nyimbo zake zisanu ndi zinayi zimayenda ngati mafunde, kubwera, kubwerera, kubweranso ndi mphamvu. Ife a ku Kasungu nyanja timangoimva. Ine ndinakaiona koyamba ku Nkhotakota ndili wamkulu kale, ndipo chimene chinandiopsa si kukula kwake ayi, koma kuti sikhala chete ngakhale usiku. Mwina n'chifukwa chake chimbalechi chimandigwira. Pakati pa kukuwa kwa Aaron Turner, woyimba wa gululi, pamatulukira mawu a mzimayi, ofewa, akutali, ngati munthu akukuyitana kutsidya.

Mnyamata amene amandithandiza ndi watsopano, wangotha sabata ziwiri. Anasuzumira pa laputopu n'kuona dzina la Isis lija, ndipo nkhope inasintha.

"Abwana, izi sizitimangitsa?"

Ndinaseka mpaka kukhosomola. Ndinamuuza kuti Isis imeneyi ndi gulu loyimba la ku Boston, linayamba mu 1997 n'kutha mu 2010, dziko lisanayambe kumva dzinali pa nkhani za zigawenga za ku Iraq ndi Syria. Isis ndi dzinanso la mulungu wamkazi wa Aigupto akale. Anagwedeza mutu, koma ndinamuona akutsitsa voliyumu wapolisi wina atabwera kudzasiya foni.

Cha m'ma 10 anatulukira amalume kuchokera kumudzi, cha ku Santhe, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Abwera kudzagula mbewu ya chimanga ndi mankhwala opopera ku nazale ya fodya, ndipo foni yawo inafa dzana. Ndinawapatsa benchi ya mkati, ndinatuma mnyamata thobwa. Tinafunsana za kumudzi. Chitsime cha kudimba chatsala pang'ono kuuma, akuthirira nazale ndi makheni kawiri pa tsiku, ndipo chizimalupsa chaka chino sichinaonekebe kwawoko.

Amalumewa ndi munthu wa ng'oma. Pamaliro akuluakulu, pa ziliza, pa chinamwali, m'midzi yozungulira kwathu amawatuma anthu kudzawatenga. Zikhatho zawo n'zolimba ngati chikopa chimene amamenyacho. Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikufuna kuwamvetsera chimbale china chake, koma mantha. Lero poona kuti foni yawo ili pa tchaja ndipo alibe kothawira, ndinalimba mtima n'kuyika Through Silver in Blood cha Neurosis.

Gulu limeneli ndi la ku Oakland, m'chigawo cha California. Linayamba mu 1985 likuyimba nyimbo zothamanga za punk, kenako linayamba kuchepetsa liwiro, kuwonjezera kulemera, mpaka mu 1996 linatulutsa chimbale chimenechi, chimene ambiri amati ndicho chinalambula njira imene Isis ndi anzawo anadzadutsamo. Ndi chachitali, choposa ola. Nyimbo yoyamba yokha imatenga mphindi 12, ndipo imayamba ndi phokoso ngati la zitsulo zikugundana, ng'oma n'kumalowa pamwamba pake.

"Mphwanga, makina akowo awonongeka?"

"Ayi amalume, ndi nyimbo."

"Ya kuti?"

"Ya ku America."

Anaika chikho cha thobwa pansi. Ndinaona chala chawo chapakati chikugunda pabondo, osati motsatira ng'omazo ndendende, koma ngati chikufufuza polowera. Magitala atagwa onse pamodzi sanadzidzimuke. Mawu okuwa aja atayamba ndi pamene anandiyang'ana.

"Wamwalira ndani kwawoko?"

Sindinayankhe, ndipo iwo sanafunsenso. Kunabwera makasitomala atatu, mnyamata anawathandiza pawindo, amalume ali duu. Chiyambireni shopu ino palibe munthu amene anakhalapo pansi n'kumvera nyimbo imeneyi mpaka kutha. Anzanga amene ndinawayesapo onse amathawa isanafike theka. Itatha ndinaimitsa, ndipo kunja kunangomveka nyenje ndi makondakitala akuyitanira za ku Mzuzu.

"Manja ali nawo," anatero. "Amene ali pang'omayo sakunama, akumenya ndi mtima. Koma ng'oma zonse zikuyenda njira imodzi ngati ng'ombe zapangolo. Mbalule ili kuti?"

Ndinati sindikumva.

"Ng'oma zina zimagwira njira, zimangoyenda. Mbalule ndiyo imalankhula. Imayang'ana phazi la wovina, iye akatembenuka nayo yatembenuka, akaima nayo yaima. Apa palibe ng'oma imene ikuyang'ana munthu. Ndiye akuyimbira ndani?"

Funso limeneli landivutitsa tsiku lonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ng'oma za Neurosis zikufanana ndi zakwathu, poganiza kuti mwina akamva choncho apirira pang'ono. Amalume anandionetsa kuti ndimanama. Kufanana kwake n'kwa khungu chabe. Zakwathu zimafuna bwalo, fumbi, amayi owomba m'manja, munthu woti aziyankhe ndi thupi. Izi sizifuna phazi la aliyense. Zimafuna munthu wokhala pansi, wosayankhula, woti zimupsinje mpaka zitamusiya zokha.

Ndinayesa kuwafotokozera chomwecho. Anaganiza pang'ono.

"Ndiye ndi za pasiwa," anatero. "Za usiku uja moto wazilala, oyimba atopa, aliyense akungoganiza zake."

Sindikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa pasiwa umakhala ndi anzako, pamene izi ine ndimamvera ndekha. Koma sanaphonye patali. Ndinawauza za Amenra, gulu la ku Belgium limene zimbale zake linkazitchula Mass, kutanthauza Misa, n'kumaziwerenga motsatana mpaka Mass VI ya mu 2017, ndiponso kuti woyimba wawo, Colin van Eeckhout, nthawi zambiri amayimba atafulatira anthu. Apa pokha amalume anakwiya.

"Ameneyo ndi wamwano. Anthu alipira ndalama, iye awaonetsa nkhongo?"

Tinakadya nsima ya nyemba kumsika, iwo n'kupita kukagula mbewu zawo. Masana anayenda mwa masiku onse. Magetsi anayaka cha m'ma 1 koloko, mzere wa otchaja n'kutha. Mtsikana wina anafuna amapiano okhaokha, bambo wina nyimbo zakale za pa wayilesi, ndipo mayi wina wa kwaya, amene anandipeza nditabwezeretsa Isis, anandifunsa mwaulemu ndithu ngati ndimapemphera. Ndinati eya. Anati ndiye ndisamale ndi zimene ndikulowetsa m'makutu. Ndazolowera. Kuno gitala ikangokhuthala, yapatsidwa kale mwini wake.

Chimene anandipeza nachocho chinali Panopticon, chimbale china cha Isis cha mu 2004, ndipo pano ndiyenera kuulula kanthu kamene okonda nyimbozi ambiri angandinyoze nako: kwa ine chimenechi chimaposa Oceanic. Ndikudziwa kuti Oceanic ndicho chimatchulidwa poyamba paliponse. Koma Panopticon n'choyera, chili ndi mpata, magitala ake amapuma. Dzina lake likuchokera ku ndende imene Jeremy Bentham wa ku England anaiganizira kalekale, yozungulira, nsanja ili pakati, yoti mlonda mmodzi athe kuona akaidi onse iwo osadziwa ngati akuonedwa kapena ayi. Ine amene tsiku lililonse ndimasungira anthu mafoni awo, mauthenga akulowa ndikuona, nkhani imeneyi siyondichitikira patali. Ena amandisiyira foni yosakiya n'komwe.

Pali zina zimene ndimazilemekeza koma sizindikoka. Pelican ya ku Chicago, imene siyimba mawu, ili ndi Australasia cha mu 2003, chabwino ndithu, koma ndimachiyika ndikamamata magalasi, sichindiimitsa ntchito. Times of Grace cha Neurosis cha mu 1999, chojambulidwa ndi Steve Albini amene anamwalira mu 2024, chili ndi mnzake wotchedwa Grace woti uziwaliza nthawi imodzi. Ndinayesapo ndi mafoni awiri. Kudina onse pamodzi kunandikanika, ndipo ndinangomva chisokonezo.

Amalume anabwerera cha m'ma 3 ndi katundu wawo. Anandipatsa khadi kuti ndiwayikire nyimbo za kwaya zoti azakhali azimvera posenda mtedza. Ndinabena mothamanga chifukwa galimoto ya kwawo inali itatsala anthu awiri kuti idzaze, ndinawanyamulira thumba mpaka pa siteji, tinatsanzikana.

Nditatseka ndinaganiza zoyenda wapansi m'malo mokwera kabaza, kuti ndimvere Somewhere Along the Highway cha Cult of Luna. Awa ndi a ku Umeå, kumpoto kwa Sweden, kumene nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Chimbalechi chinatuluka mu 2006, ndipo anakachijambulira m'chinyumba chamatabwa cha pafamu, kunja kwa tawuni yawo, masiku 7 okha. Nditamva zimenezi koyamba ndinaganiza za zigafa zakwathu fodya atachoka, mmene mawu amamvekera ukalankhula uli mkati. Ndipo zimamvekadi choncho, sichinapukutidwe kwambiri, umamva chipinda. Pa zimbale zonse zimene ndatchulazi, ichi ndicho cha munthu woyenda yekha. A Cult of Luna ali nazo zina zotchuka, monga Vertikal cha mu 2013 ndi Mariner cha mu 2016 chimene anayimba ndi Julie Christmas, koma ine ndimabwerera ku ichi.

N'zoseketsa kuti nyimbo zopangidwa ndi anthu ozolowera chipale zikugwira munthu amene malaya amumatirira kumsana. Phiri la Kasungu linali litada, utsi wa moto wolusa uli m'munsi mwake. Chakumadzulo, mbali ya ku Zambia, mitambo inaunjikana ndipo mphezi zimang'anima popanda kugunda. Mphepo inabwera ndi kafungo kaja ka dothi, amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anayamba kulongedza msangamsanga. Ndinafulumira nanenso. Sikunagwe ngakhale dontho. Ndinafika pakhomo nyimbo yomaliza, ija ya mphindi pafupifupi 16, ili pakati, ndipo ndinaima kuseri kwa bafa mpaka itatha, chifukwa ndikanalowa ana akanandilanda mahedifoni.

Tikudya, foni inalira. Azakhali.

"Iwe, wayikamo chiyani mu khadi ya amalume ako?"

Mtima unagunda. Pothamanga paja ndiye kuti ndinakokera chimbale chonse cha Neurosis pamodzi ndi za kwaya. Akuti anatsegula ali pamkeka, nyimbo ziwiri zoyamba zinali bwinobwino, yachitatu ana anathawira m'nyumba ndipo galu anayamba kuuwa.

Ndinapepesa, ndinati aitumize ndi aliyense wobwera ku boma Loweruka ndidzafufute. Ndinamva akulankhula ndi munthu chapambali, kenako mawu a amalume chapatali, osamveka bwino. Azakhali anabwerera pa foni atatopa.

"Akuti usafufute. Akuti akufuna apeze pamene mbalule ingalowere."