Kuphunzira kuwerenga mbale za Zamrock

Miyezi itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira kuwerenga mbale za galamafoni, osati kungozimvetsera. Zinayamba ndi katoni imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Kitwe, komwe ankagwira ntchito ku migodi ya mkuwa. Pansi pake panali mbale ya gulu la ku Zambia la Amanaz ya mu 1975, chikuto chake chitadyedwa ndi chiswe m'ngodya imodzi.

Nditaika singano, gitala inalira mosasa mawu ngati munthu wodwala chimfine. Ndinkaganiza kuti mbale yawonongeka. Ayi ndithu, ndi mmene anyamatawo ankafunira. Kalilidwe kameneka amakatcha fuzz, ndipo ndi kamene magulu a rock a ku America ankakonda m'ma 1960. Anyamata a ku Zambia anakasakaniza ndi ng'oma zakwawo, n'kubadwa mtundu wa nyimbo wotchedwa Zamrock, wa magulu monga WITCH, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family. Paul Ngozi, mtsogoleri wa Ngozi Family, nthawi zina ankaimba m'Chinyanja chomwe ndimamva bwinobwino, ndipo zimenezi zimandikhudza mtima.

Chimene ndinkafunitsitsa kudziwa n'chakuti mbalezi zimasoweranji chonchi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda, pulezidenti wa Zambia panthawiyo, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndiye magulu anachuluka. Mbale zambiri ankazidinda ku fakitale ya Teal ku Ndola, kuti zigulitsidwe komweko basi. Kenaka mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa, makaseti anabwera, Edzi inatenga oimba ambiri. Mbale zotsala zinathera m'fumbi ndi padzuwa.

Masiku ano kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso zambiri mwa nyimbozi, choncho wotolera ayenera kusiyanitsa mbale yoyambirira ndi yatsopano. Ndaphunzira kuipendeketsa pawindo kuti ndione timanambala tolembedwa pamalo osalala pafupi ndi chizindikiro chapakati, ndi kuona dzina la kampani pachikuto. Ndimalemba zonsezi m'kope.

Phunziro lowawa ndinalipeza tsiku loyamba. Ndinapukuta mbale ya amalume ndi chitenje chouma, modutsa mizere, ndipo mchenga unasiya chipsera. Pano nyimbo yachiwiri imathetheka pa kuzungulira kulikonse. Zina zonse ndimazitsuka ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa motsatira mizere, n'kuziimika chilili m'kabati, kutali ndi malata otentha.