Si tchopa, chinali chitedze

Amene mukufalitsa zoti ndinavina tchopa pamaso pa apongozi, imvaninso mbali yanga.

Mtengo umene ndinkadula ndi peyala lakale la m'munda mwawo cha ku Likhubula ku Mulanje, lomwe linauma madzi a namondwe wa Freddy atakokolola dothi la kumizu mu 2023. Julayi uyu chiperoni chavuta, nkhuni pakhomo mulibe, ndipo kukwera phiri ndi nkhwangwa n'kudzipereka wekha kwa alonda a nkhalango. Mkamwini wolongosoka akanatani? Malaya ndinavula, inde, koma chifukwa cha thukuta, osati kuonetsa amayi odutsa ndi mitolo kuti banja lija linapeza mwamuna, monga akunenera mlamu wanga.

Nkhwangwa yoyamba, kho! Yachiwiri, kunayamba kugwa kafumbi kofiirira, ine n'kumati ndi chiswe. Chonsecho chitedze chokhwima chinali chitayanga nthambi zonse za kumwamba. Wodula mtengo amayang'ana patsinde, abale.

Moto utangoyamba kumsana, apongozi aakazi atulukira ndi chigubu cha thobwa. Ndinanjuta pansi mwaulemu wake, n'kuyamba kuwomba m'manja. Taganizani: manja awiri okha amene Mulungu anandipatsa ali pa ntchito ya ulemu, pomwe m'khosi, m'khwapa ndi malo ena osatchulika pagulu mukuyaka.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu?"

Iwo n'kukhala pansi, kutambasula miyendo. Anafunsa za amayi anga. Anafunsa za malume. Anafunsa ngati mbuzi ija inaswa. Ine ndikuyankha chimodzichimodzi, phewa lamanja likukwera lokha, lamanzere likutsatira, chiuno nacho chayamba maganizo akeake. Ndinasendera chambuyo mpaka msana unagunda tsinde, n'kuyamba kudzikhula pang'onopang'ono ngati ng'ombe pa mtengo wa m'khola. Kudzikhulako mtengo n'kumagwedezeka, chitedze china n'kumawonjezera.

"Kodi mukuzizidwa? Imwani thobwa."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinamwa. Ndinathokoza. Wina anene kuti sindinaleredwe bwino.

Atafika pa nkhani ya maliro a kutsidya m'pamene miyendo inasankha yokha. Sindinakuwe, ndinangotsanzika mokweza. Liwiro lake mpaka mumtsinje wa Likhubula, madzi ochokera kuphiri ozizira mokukutitsa mano, koma kuyabwa osasintha. Amayi ochapa anayamba kulangiza: wina akuti dothi, wina phulusa, wina mafuta ophikira. Ndinadzola matope thupi lonse. Azungu otsika ku Dziwe la Nkhalamba anaima n'kutulutsa mafoni, wowaperekeza akuwalongosolera zinazake ndi nkhope ya ulemu. Zimene anawauzazo akayankha yekha kumwamba.

Mlamu akuti chitedzecho aliyense amachidziwa, n'chifukwa chake mtengowo unakhala osadulidwa pamudzi posowa nkhuni. Nanga osanena bwanji pomwe amandibwereka nkhwangwa?

Mtengo ukadali chiimire. Nsima ya tsikulo mayi a kunyumba anaphikira mapesi, ndipo nkhwangwayo mlamu akuti ndikaitenge ndekha.