Loweruka la mipeni ndi zigoba

Mvula yagwa kuyambira m'mamawa, choncho ine ndi alamu anga amene adabwera kudzacheza tatha tsiku lonse m'nyumba tikuonera mafilimu oopsa a mtundu wa slasher, aja a munthu wovala chigoba amene amapha achinyamata mmodzimmodzi ndi mpeni kapena nkhwangwa. Onse amene taonera adapangidwa ndi ndalama zochepa, koma kuchepa kwa ndalamako sikudawapweteke mofanana, ndipo pali imodzi imene kudaithandiza ndithu.

Tinayamba ndi Halloween ya John Carpenter, ya mu 1978. Filimuyi idadya ndalama pafupifupi madola 300,000 ndipo idajambulidwa m'masabata ochepa mwezi wa May ku California, pamene nkhani yake ikuchitika ku Illinois kumapeto kwa October, nyengo imene mitengo yakumeneko imayoyola masamba. Ojambulawo ankamwaza mumsewu masamba opaka utoto, ndipo akamaliza kujambula ankawatoleranso m'matumba kuti akawagwiritse ntchito pamalo ena. Chigoba cha wakuphayo adachigula m'sitolo pa mtengo wosafika madola awiri. Chinali nkhope ya William Shatner, wosewera wotchuka wa m'mafilimu, ndipo adangochipaka utoto woyera ndi kukulitsa maboo a maso. Nyimbo ya piyano ija, imene imangobwereza timawu tochepa mpaka mtima kuyamba kugunda nayo limodzi, adaipeka Carpenter mwini wake. Ku America kokha filimuyi idabweretsa madola oposa 40 miliyoni.

Chimene ndinafuna kuti alamu aone si phindu limenelo, koma mmene umphawi udawaphunzitsira anthuwa kubisa. Magazi ndi ochepa kwambiri m'filimu yonseyi. Pali pamene mtsikana, amene gawo lake adasewera Jamie Lee Curtis, akusuzumira pawindo masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo akuona munthu ataima duu pakati pa nsalu zoyanikidwa pachingwe. Kamera ikabwerera pamalopo, munthuyo palibe. Chakumapeto, mtsikana yemweyo waima pafupi ndi khomo la chipinda chamdima, ndipo kumbuyo kwake nkhope yoyera ikuyamba kuoneka pang'onopang'ono, chifukwa wojambula, Dean Cundey, ankawonjezera kuwala kwa getsi limodzi mwakachetechete. Pamenepa alamu anandigwira mkono nati, "Alamu, tabwezani pang'ono, kodi munthuyu anali pomwepa nthawi yonseyi?" Mantha amenewo mtengo wake unali getsi limodzi ndi kudekha. The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, ya mu 1974, imene idadya ndalama zochepa kuposa pamenepa, nayonso anthu amaikumbukira ngati yodzaza magazi, chonsecho zambiri zoopsa zimachitika kumene kamera sikuyang'ana, ndipo woonera amazimalizitsa yekha m'mutu mwake.

Titadya nkhomaliro tinaika Friday the 13th ya mu 1980, imene Sean Cunningham adaijambula pamsasa wa anyamata ku New Jersey ndi madola pafupifupi 550,000. Apa nzeru zonse zidapita ku mabala. Tom Savini, katswiri woumba matupi ndi zilonda zabodza, ndiye mwini weniweni wa filimuyi. Pamalo pamene muvi ukutulukira pakhosi pa Kevin Bacon, mmodzi wa osewera, atagona pabedi, khosi ndi chifuwa n'zoumba, mutu wokha ndiwo weniweni, thupi lake lili pansi pa bedi, ndipo magaziwo akukankhidwa kudzera m'kapaipi. Luso limeneli ndi lenileni ndipo mpaka lero limaoneka lokhutiritsa kuposa magazi ojambulidwa ndi kompyuta. Vuto ndi lakuti pakati pa imfa ina ndi inzake palibe chogwira mtima. Achinyamatawo sasiyana khalidwe, zolankhula zawo n'zongodzazira nthawi, ndipo wakuphayo, amene ndi mayi wa mwana womira m'nyanja, akuonekera kumapeto kwenikweni, moti woonera sapatsidwa mpata woti amuganizire. Filimuyi itapindula, makampani ang'onoang'ono adathamangira kupanga zofanana nayo m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, ndipo ambiri adakopera chofooka chake osati champhamvu cha Halloween, pakuti kugula mpeni ndi kusakaniza magazi n'kosavuta kusiyana ndi kulemba munthu amene woonera angamudere nkhawa.

Nkhani ya akazi sitinailambalale. Alamu anadandaula kuti kamera imachedwa pa mtsikana akuvula kapena akukuwa, koma mnyamata amafa msangamsanga. Dandaulo limeneli ndi lakale: mu 1980 Gene Siskel ndi Roger Ebert, atolankhani ounika mafilimu ku America, adadzudzula mafilimuwa pa wailesi yakanema pa chifukwa chomwechi. Carol Clover, mphunzitsi wa pa yunivesite ku America, m'buku lake la mu 1992, adaonetsa mbali ina, yakuti kawirikawiri wopulumuka amakhala mtsikana watcheru amene amalimbana ndi wakuphayo, ndipo ngakhale amuna oonera amakhala kumbali yake. Ine ndikuona kuti onsewa adanena zoona, kungoti mafilimu aulesi amasunga mtsikana womalizayo ngati mwambo chabe, pamene umaliseche wa enawo ndiwo malonda awo enieni.

Madzulo tinayesa filimu yatsopano imene inali pa fulashi, ndipo dzina lake sindilitchula. Makamera adatsika mtengo, choncho chithunzi chinali chowala bwino, koma mawu anali ngati ajambulidwira m'mgolo: mphepo inkawomba mu maikolofoni, ndipo wina akatembenuka sitinkamvanso zimene akunena. Mdima wake sunali wokonza mwadala, unali kusowa kwa magetsi basi, moti sitinkadziwa amene akuthawa ndi amene akuthamangitsa. Mphindi zambiri zinathera pofotokoza chifukwa chake foni za onse zilibe netiweki. Kuchepa kwa ndalama sikungakhale chowiringula pa zonsezi, chifukwa Terrifier 2 ya mu 2022 idapangidwa ndi madola pafupifupi 250,000 ndipo idapeza oposa 10 miliyoni, ngakhale kuti kwa ine ndi yaitali mopyola muyeso ndipo nkhanza zake zimafika potopetsa.

Pa chakudya chamadzulo sitinagwirizane. Alamu akuti Friday the 13th ndiyo yabwino, chifukwa filimu yotere siyoonera munthu ali yekha akusinkhasinkha, koma pagulu, anthu akukuwa, kuseka ndi kulangiza mtsikana kuti asatsegule chitseko. Anakumbutsa za nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika yathu, kumene mafilimu ambiri amabwera atamasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akulankhula ndi kuseketsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamenepo ali ndi mfundo imene sindingaitsutse. Mphamvu ya Halloween ili m'mphindi zimene palibe akulankhula, ndipo womasulira sangalole mphindi zotero kudutsa osaikapo mawu, pamene muvi wa Savini umaoneka chimodzimodzi kaya m'chipindamo muli phokoso kaya mulibe.