Nyenyezi Imodzi ya Azakhali

Inde, ndi zoona, lesitilanti yanga ili pa nyenyezi 1.9 mwa 5 pa ndemanga za makasitomala pa Google Maps. Musavutike kunditumizira zithunzi, ndaona kale.

Ndinali ndi ndemanga zitatu zokha, zonse za nyenyezi 5, koma yomaliza inali ya 2022. Mphwanga wodziwa za mafoni anati mlendo akamafufuza kodyera pafupi amakhulupirira malo amene anthu akuwalembera pafupipafupi, ndipo akaona zakalekale amangoti munatseka. Ndiye ndinapempha achibale. Ndani sapempha achibale?

Azakhali a ku Area 25 anaitenga nkhaniyi ngati ya ukwati. Lamlungu potuluka m'tchalitchi anasonkhanitsa amayi a kwaya 11 pansi pa mtengo, n'kumawatsegulira mafoni mmodzimmodzi. Lolemba ndikusenda anyezi, foni ikungolira. Chimwemwe chake, ndinamuwonjezera kasitomala nthuli yaulere. Kutsegula: nyenyezi imodzi. Inayo, imodzi. Onse 11.

Koma mawu ake, abale! "Chambo chokoma ngati cha ku Mangochi, Mulungu adalitse mwana wathu." Nyenyezi imodzi. "Nkhwani wotendera ngati wa malemu mayi anga, ndinagwetsa misozi." Nyenyezi imodzi. Mayi wina anaikaponso chithunzi chawo, ali mu yunifolomu ya kwaya, duku lili nji, akumwetulira mano onse panja, pambali pake kanyenyezi kamodzi kali kokhakokha ngati kotsogolera anzeru a kum'mawa. Ndinachiyang'ana chithunzicho mpaka anyezi anapserera.

Ndinaimba. "Azakhali, bwanji imodzi?"

"Iwe, kusukulu wanzeru amakhala nambala wani. Umafuna tikuike nambala 5 ngati mbuli?"

Ndiuzeni, mukanawayankha chiyani? Ndipo musati sindinafotokoze. Ndinati "mundipatse zapamwamba". Kwa iwo zapamwamba n'zimenezo.

Masamu ake: nyenyezi 15 zakale kuphatikiza 11 zatsopano, kugawa ndi ndemanga 14, ndiye 1.9 ija. Mwini malo sangafufute ndemanga ya munthu, amangoyankha. Ine poti ndinaleredwa bwino, ndinayankha aliyense kuti "Zikomo kwambiri mayi", moti pano ndikuoneka ngati munthu wothokoza akamamumenya.

Azakhali analonjeza kuti akonza Lamlungu likubwerali. Vuto n'lakuti amayi anayi analembera pa mafoni a ana awo, anawo ali ku sukulu zogonera konko mpaka holide. Mmodzi yekha ndiye wasintha kale. Waika 2, akuti nayenso nambala thu amalandira mphatso.