Chichewa chili ndi malamulo ake

Abale anga a ku Zomba, zimandipweteka ndikamva munthu wophunzira, ngakhale ana athu a ku yunivesite ya Malawi ku Chirunga, akunena kuti Chichewa chilibe galamala. Ayi ndithu!

Taonani mawu amodzi awa: "sindidzakuphikiraninso". M'menemo muli kukana, wolankhula, nthawi yam'tsogolo, wouzidwayo, ulemu, ndi "nso" yemwe. Chingerezi chimafuna chiganizo chathunthu kuti chinene zomwezo.

Nanga mgwirizano wa mayina? Timati chimanga changa chapsa, koma nyemba zanga zapsa, ndipo mwana wa zaka 4 saphonya. Chiyao ndi Chilomwe zomwe timamva mumsika wa Zomba zimayendanso m'magulu a mayina chonchi, Chiswahilinso, poti zonsezi n'zachibale. Chifalansa chimagawa mayina pawiri, aamuna ndi aakazi, ngakhale tebulo. Chijapani chimaika mneni kumapeto. Ife "iye" amakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe.

Centre for Language Studies ili konkuno kuyambira 1996, ikufufuza ziyankhulo zathu. Aphunzitsi, chonde, galamala ya Chichewa muziiphunzitsa mwakhama ngati ya Chingerezi.