Madzi a pansi pa thanki, tsopano ndawamvetsa

Zandilowa tsopano! Chomwe chinkandizunguza mutu pa kosi ya mainjini a maboti ndi ichi: thanki yosabooka, injini yosagwera m'nyanja, nanga madzi timawapeza m'kabuleta aja amachokera kuti?

Zonse zagona pa petulo yemweyo. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, wina amachokera ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amayamwa chinyezi. Masana thanki ikatentha imatulutsa mpweya pa kabowo ka pachivindikiro, usiku ikazizira imakoka mpweya wonyowa wa kunyanja. Poyamba madziwo amabisala m'petulo, injini n'kumawawotcha bwinobwino. Koma akangofika pafupifupi theka la kapu m'thanki ya malita 25, pa petulo wa ethanol 10 peresenti, petulo amalephera kuwasunga. Madzi ndi ethanol amagwirana, n'kutsikira pansi. Ndiye paipi yokoka mafuta imayamwa kuti? Pansi pomwepo! Pa injini ya two-stroke, yomwe oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo, ndiye zoopsa, chifukwa oyilo amatsala pamwamba ndi petulo, zapansizo zimalowa m'injini zopanda oyilo.

Apa m'pomwe ndamvetsanso ntchito ya stabilizer, mankhwala othira m'petulo. Iye amachedwetsa kuguga kwa petulo, kuti asasanduke zomatamata zija zimatseka majeti, timabowo ta m'kabuleta todutsa mafuta. Amathiridwa petulo akadali watsopano, kenako injini ilire pang'ono kuti mankhwala afike m'kabuleta. Koma zikapatukana kale, ngakhale mukhuthulire botolo lonse sizibwererana.

Ine njira yomwe yandigwira mtima ndi ya botolo lagalasi. Kupopa mafuta a pansi penipeni pa thanki, kuthira m'botolo loyera, kusiya kanthawi. Ngati zavuta, mzere umaoneka ndi maso: pamwamba petulo, pansi zoyererako ngati madzi otsukira mpunga. Kwa ine makaniki aliyense asagwire sipanala asanachite zimenezi. Anzanga akuti ndikukokomeza, zawo izo.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi anangolemba phase separation pa bolodi, dzina la kupatukana kumeneku, ife n'kukopera, basi tinapita ku mutu wina. Akuti nthawi yachepa, mayeso ayandikira. Komatu kubweretsa botolo limodzi m'kalasi kukanatenga mphindi zingati? Masabata onse aja tinathera pa kujambula zigawo za injini zomwe tinkazidziwa kale.

M'buku akuti dzadzani thanki kutsala pang'ono kuti mpweya uchepe, tsekani kabowo, ikani pamthunzi. Pa pepala n'zomveka. Koma msodzi yemwe wavutikira chigubu pa mzere mafuta atasowa, mwera n'kumukhazika kumtunda masabata angapo, ndingamuuze kuti apatule petulo yenseyo asamugwiritsenso? Kapena atsanule wapamwambayo, ngakhale octane wake, mphamvu yoletsa injini kugogoda, watsika, asakanize ndi watsopano? Buku likukana, thumba lake likuvomera. Tsiku lomwe adzaime pamaso panga ndi chigubu chakecho, kaya ndidzamuyankha ziti.